Dzina Lanu Lamveka M'tchalitchi

Amayi, kumene muliko kwacha bwanji? Kodi chifuwa chija chinakusiyani?

Ine ndili bwino, ngakhale alipo ena pamudzi pano amene angakonde kumva zina. Mvula yagwa katatu chikuikireni m'manda, ndipo sindinakulembereni chifukwa ndinalibe chabwino chokuuzani. Lero ndili nacho. Koma ndiyambe ndi zing'onozing'ono, monga munkachitira inu mukabwera kuchigayo.

Esinati, mwana wanu wotsiriza, anabereka mwana wamkazi nthawi ya mondokwa, ndipo tinamutcha Tinenenji, dzina lanu. Ndi wolira kwambiri, bambo ake akuti watengera ine. Munda wa kuphiri uja watipatsa chimanga chokwanira, koma soya anavunda ndi mvula ya kumapeto. Mbuzi yanu yamawanga inagwidwa ndi fisi. Nankafumbwe walowa kale m'matumba, tikulimbana naye.

Tsopano nkhani yeniyeni. Mukudziwa chimene chinandikhala pakhosi. Munakalambira m'kalasi ya ubatizo, mayankho onse muli nawo pamtima, koma a Kamphinda, mkulu wa mpingo patchalitchi chathu, anakubwezani katatu. Anagwira lamulo la azungu a mishoni akale loti munthu wosatha kuwerenga yekha Mawu a Mulungu asaperekedwe kwa abusa. M'matchalitchi ena lamulolo linafa kalekale, koma kwathu kuno analisunga ngati mbewu. Ndiye pamaliro anu mpingo sunayimbe. Amayi a mpingo anabwera osavala zoyera zawo. Tinakunyamulani mwakachetechete ngati tikukabisa chinthu chakuba.

Chinandipweteka kwambiri si a Kamphinda ayi. Ndine. Munagulitsa nkhuku ndi mtedza mpaka ndinakafika ku yunivesite, ndinkawerenga mabuku akuluakulu a mbiri ya mafumu ndi mipingo ya maiko akutali, koma sindinakhale nanu pamphasa ngakhale tsiku limodzi kukuonetsani chilembo. Maliro atatha sindinabwererenso kusukulu. Ena amati ndinalephera mayeso, ena amati ndinatenga mimba. Mimbayo mpaka lero akudikirabe kuti ibadwe.

Chaka chatha mng'ono wanu a Ndaziona anayamba kutupa miyendo. Anandiitana, nandiuza kuti imfa saiopa, koma akuopa kupita popanda nyimbo ngati inu. Nawonso anali atabwezedwa kawiri. Ndinapita kwa a Kamphinda kukapempha. Munkandiuza kuti ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Pepani Amayi, ndinasiya mlomo wonse. Ndinawafunsa kuti makolo athu amene ankakwera phiri kukapempha mvula pakachisi ankawerenga buku liti, nanga mvulayo inkalephera kugwa? Anandiyankha kuti munthu amene sukulu inamukanika asaphunzitse akulu a mpingo, ndipo lamulo ndi lamulo.

Ndinabwera kunyumba nditapsa mtima, koma ndikudziwa chochita. Fodya anali atapita kale kumsika, chigafa cha amalume chinali chopanda kanthu. Ndinasesamo. A Saidi, a golosale ya pa Bowe, anandipatsa makatoni akale, ndipo ndinkalembapo ndi makala. Tinayamba awiriwiri ndi a Ndaziona: a, e, i, o, u, kenako ba, be, bi, bo, bu. Amayi ena ankabwera kudzaseka, ataimirira ndi madengu pamutu. Patapita masabata angapo anayamba kutula madenguwo. Lero m'chigafamo malo akuchepa.

Sizinali zophweka. Maso a Ndaziona ndi ofooka, ndipo ine kudekha munalephera kundiphunzitsa. Tsiku lina ndinawakalipira chifukwa chosokoneza chilembo chimodzi kakhumi. Anandiyang'ana, nandikumbutsa kuti ndinawakodzera kumsana kwa zaka ziwiri iwo osadandaula, ndiye nditseke pakamwa tiyambirenso. Tinayambiranso.

Tsiku la mayeso linali Lachisanu, abusa akubwera Lamulungu lake. Tinawakweza a Ndaziona panjinga chifukwa cha miyendo. Akulu a mpingo anakhala pabenchi yakutsogolo, amayi a m'chigafa anadzaza kumbuyo ngakhale sanaitanidwe. Mafunso a pamtima anayankha onse. Itafika nthawi yowerenga, a Kamphinda ananena kuti akudziwa kuti ndawalowezetsa a Ndaziona mavesi odziwika aja, choncho satsegula pamenepo. Anatembenuza masamba mpaka anapeza tsamba la mayina okhaokha, lija loti uje anabala uje, uje anabala uje. Mayina achilendo amene ngakhale alaliki amawalumpha ndi chifuwa chabodza.

Koma a Kamphinda analakwitsa chinthu chimodzi. Ankaganiza kuti ndimaphunzitsa monga anaphunzirira iwo, kuloweza. Ine sindinawaphunzitse vesi ngakhale limodzi. Ndinawaphunzitsa maphatikizo a malembo. A Ndaziona anaika chala patsambapo nayamba kudula dzina lililonse m'mfundo zake, monga munkadulira nzimbe kuti zitikwanire tonse. Pang'onopang'ono. Dzina likawavuta ankabwerera, kuliyambanso, mpaka lituluke. Thukuta linkatsika m'khosi. M'tchalitchi munkamveka mawu awo okha ndi malata akulira ndi dzuwa. Anamaliza tsamba lonse.

Mkulu wina anawomba m'manja, kenako anakumbukira pamene wakhala. A Kamphinda anatambasula dzanja kuti alandire buku, koma a Ndaziona sanawapatse. Analiika pamiyendo, nati:

"Awa ndi mayina a eni ake, ndipo awerenga amuna okhaokha. Kwathu kuno mbumba timawerengera kwa amayi. Mwadziwika anabala Kamtedza. Kamtedza anabala Salankhula. Salankhula anabala Tinenenji ndi ine. Tinenenji uja munamuika osayimba."

Amayi, dzina lanu linamveka m'tchalitchi muja, kutsogolo, pamaso pa akulu onse. A Kamphinda anavula magalasi, kuwapukuta, kuwavala, kuwavulanso. Kenako anatenga cholembera nalemba dzina la a Ndaziona pa anthu okaonekera kwa abusa. Ine ndinali nditakonza mawu ambiri oti ndinene tsiku limenelo, akuthwa bwino. Sindinanene ngakhale amodzi. A Ndaziona anali atandinenera kale.

Anabatizidwa Lamulungu. Atafunsidwa dzina latsopano anakana, anati lomwe anawapatsa amayi awo silinang'ambike. Ine ndinakhala pabenchi yomaliza, pafupi ndi chitseko, ndipo mpaka lero sindinalowe mpingo. Zimenezo tidzakambirana tsiku lina, musandikalipire. A Kamphinda tikakumana panjira amandipatsa moni woti aphunzitsi, ngakhale mawuwo amatuluka ngati akutafuna mchenga. Ndipo tamverani izi: akazi awo ayamba kubwera kuchigafa. Amakhala kumbuyo, akuti amangoperekeza mnzawo, koma makala amawagwira.

A Ndaziona miyendo ikutupabe. Sabata yatha anatiuza kuti tiwatengere kumanda, nationetsa malo amene akufuna, pafupi ndi inu, kumanja kwanu. Akuti tsiku lawo likadzafika mpingo udzayimba, ndipo manda akayandikana nyimbo siisankha woimva. Anaseka okha, ife tikupukuta misozi.

Sindikulifulumiza tsikulo, likhale kutali. Koma likadzafika ndidzaima pamutu pa manda anu, ndipo ndikukulonjezani kuti sadzadula nyimbo ngakhale imodzi. Adzayimba ndime zonse, mokweza, mpaka ine nditanena kuti zakwana.

Ndine mwana wanu wokukondani, wa pakamwa paja,
Felesiya