Zala za Alamu Anga

Greenbelt, Maryland
14 Okotobala 1986

Okondedwa alamu anga a Felistas,

Kalatayi ndapatsira pamanja mnzathu a Gresham, amene akubwera kumudziko, chifukwa ya papositi imafika kwa inu itawerengedwa kale ndi anthu osadziwa kuseka. Achimwene ali bwanji ndi mwendo uja? Auzeni kuti kupuma pantchito si kupuma pa kulemba makalata.

Alamu, Nsabwe ikufa. Magazini yathu ya nthabwala ija, imene tinayamba mu 1974 pa thebulo lanu lodyera mukadali kuno, ituluka komaliza mwezi wamawa. Makina athu osindikizira aja atopa, ife takalamba, ndipo ana athu akaiwerenga amafunsa m'Chingerezi kuti choseketsa chili pati.

Loweruka anzathu anatikonzera phwando ku College Park. Anabwera ndi anzathu ogwira ntchito ku banki omwe, amene kale ankabisa magaziniyi m'kati mwa mabuku a nyimbo za kutchalitchi. Wina anaimirira nawerenga nkhani yanga ya mu 1975, ya bwana uja anabwera kudzatsegula "msonkhano wa chitukwano." Anthu anaseka mpaka misozi, nandiombera m'manja. Ine ndinagwada pang'ono ngati munthu wodzichepetsa.

Potuluka, Bester wojambula zithunzi wathu wa ku Chipata anandigwira mkono. Anati, "Mudala, iwe unalemba chitukuko. Pepala lako ndinaliona ine."

Ndinati, "Taipi inalakwitsa."

Iye anati, "Taipi yako inali na nzelu maningi. Nanga inalekelanji kulakwitsa mlamu wako atakwera ndeke?"

Ine wa madigiri awiri ndinkalemba ziganizo zazitali ngati ulaliki, inu n'kumatayipa mutachoka kuntchito, Emelda ali kumsana. Mukasintha kachilembo kamodzi, nkhani yonse inkadzuka. "Akuluakulu anakambirana" inasanduka "anakumbirana." Ndikakufunsani munkangoti, "Pepani alamu, zala zanga n'zosaphunzira." Ndinadziwa kuyambira tsiku loyamba. Ndinakhala chete ponena kuti ndikuteteza ntchito ya achimwene ya m'boma ija, ndipo zinali zoona, koma kuomberedwa m'manja nakonso kunkandikomera. Chibwerereni inu kumudzi mu 1981, anthu amagula Nsabwe mwa chisoni, monga momwe timagulira mandasi olimba a mayi wa mumpingo.

Pempho langa ndi ili. Pa tsamba loyamba la kope lomaliza ndikufuna kulemba dzina lanu lonse, ndi kunena kuti amene ankaluma munali inu. Koma inu muli kumudzi, ine ndili kuno, ndipo pepala limayenda kuposa mwini wake. Ngati dzinalo lingakubweretsereni alendo osawaitana, sindilemba. Tsambalo ndidzalisiya loyera, ndipo dzina langanso sindiikapo. A Gresham abwerera pa 2 Novembala, muwapatse yankho.

Moni kwa achimwene. Moni kwa Emelda, amene ndamva akuphunzira kutayipa; mumuuze kuti asamalakwitse pachabe. Taipi yanu ija ndikuisungabe, ndipo chilembo cha "w" chimakanirirabe.

Ine mlamu wanu wokhulupirika,
Morton

Liwu lakuti "wokhulupirika" ndaliyang'ana kawiri, ndipo sindikuliyenera. Ngati zala zanu zikadali zosaphunzira, mundibwezere kalatayi zitalakwitsa n'kulemba "wokhululukidwa."