Ndalephera mayeso a mkazi wanga yemwe

Aphungu,

Ndine bambo wa zaka za m'ma 30, ndipo ntchito yanga ndi yophunzitsa anthu kuyendetsa galimoto. Ndatchula dala ntchitoyi kuti muone kukula kwa manyazi anga. Tsiku ndi tsiku ndimakonzekeretsa anthu mayeso, koma ine ndalephera mayeso a m'nyumba mwanga momwe.

Mkazi wanga si wa dziko lino. Anabwera kudzaphunzira za udokotala wa mano, ndipo tinadziwana atadzalembetsa kusukulu yathu ya galimoto. Kwawo amayendetsa mbali inayo ya msewu, ndiye tikangokhota pamphambano, iye ankalunjika kumene kukuchokera magalimoto. Ine ndinkalumphira chiwongolero, iye n'kumaseka, amvekere, "Aphunzitsi, olakwa ndi enawa." Laisensi anaipeza, koma ine sindinasiye kumuperekeza. Tinakwatirana, ukwati tinakalembetsa kuboma, ndipo tili ndi mwana wamkazi amene wangoyamba kumene kuyenda.

Panopa akugwira ntchito pa kachipatala kena ka mano, koma chilolezo chake chokhalira m'dziko muno ndi cha nthawi yochepa, chikutha kumapeto kwa chaka chino. Chikatha tisanakonze china, ayenera kunyamuka, pamene mwanayu sanasiye n'kuyamwa komwe. Ndiye tikufuna kumupemphera chilolezo chokhazikika monga mkazi wa nzika. Ndakhala ndili yakaliyakali: zithunzi, setifiketi ya ukwati, kalata ya kupolisi, kalata ya eni nyumba imene tikuchita lendi. Benchi ya pakhonde la ofesi ya imigireshoni yafika pondizolowera. Mayi wa pawindo anandiuza kuti mapepala akakwana adzatiitana, ndipo mwina adzatifunsa mafunso aliyense payekha, kuti aone ngati banja lathu lili lenileni, osati longofunira mapepala.

Ine ndinati zimenezo n'zamasewera, koma munthu wanzeru amayeserera. Loweruka lina masana ndinaitana mlongo wanga wamkulu, mphunzitsi wa kupulayimale amene sanyengerera munthu, kuti adzakhale ngati wa imigireshoni. Anakhala patebulo lodyera, magalasi ali pamphuno, cholembera chofiira chili m'manja. Anayamba ndi mlamu wake, ine atandithamangitsira kukhitchini ndi mwana. Kenako anaitana ine, ndipo pomaliza anatikhazika pamodzi kuti tiyerekeze mayankho.

Aphungu, madamu anakhoza zonse. Akudziwa kuti chipsera cha pabondo langa ndinachipeza nditagwa panjinga ya amalume imene ndinaiba. Akudziwa dzina la mtsikana amene anandikana ndili kusekondale. Akudziwa ngakhale zoti ndikamanama ndimakanda khutu. Ine tsiku lake lobadwa ndinakhoza, mbali ya bedi imene amagona ndinakhozanso. Kuchoka pamenepo zinayamba kuterera.

"Mayi ake amamuitana dzina lanji?" Ndinatchula dzina limene tonse timamuitanira. Ayi ndithu, limenelo ndi lakusukulu. Kwawo ali ndi lina, akuti limatanthauza mvula imene yabwera anthu atataya kale mtima. Ndinali ndisanalimvepo chibadwire.

"Asanayambe za manozi ankachita chiyani?" Ndinati anali mwana wasukulu basi. Kani anagwirapo ntchito yolondera anthu pa dziwe losambiramo la pahotela ina, ndipo anavuulapo bambo wina wonenepa amene ankamira. Munthu amene ine ndimamugwira dzanja podumpha ngalande mvula ikagwa! Ndipo iye dzanjalo amandipatsa, osanena kanthu.

Mlongo wanga anavula magalasi n'kunena kuti, "Achimwene, mukanakhala a m'kalasi mwanga mukanabwereza." Tinaseka mpaka mwana anayamba kuseka nawo osadziwa chimene tikuseka. Kenako anafika pa funso lomaliza: "Mukadzakalamba mudzakhala kuti?" Ine ndinali nditayankha kuti konkuno, mpaka ndinafotokoza za nyumba imene ndikufuna kudzamanga. Mlongo wanga anayang'ana mlamu wake. Mkazi wanga anati, "Ine ndinayankha kuti sindikudziwa. Palibe amene anandifunsapo." Sananene mokwiya. Ananena akupukuta mwana kukamwa, n'kudzuka kukatereka madzi a tiyi.

Chichokereni tsiku limenelo, chidwi chandigwira ngati chimfine. Ndili ngati munthu amene wayendetsa galimoto zaka zambiri osatsegulapo boneti. Lamulungu lililonse amaimbira foni mayi ake, ndipo kale ine ndinkangotuluka kukatsuka galimoto. Tsopano ndimakhala pampando n'kumamuyang'ana. Mawu amakwera, manja amauluka, amaseka mpaka kugwira khoma. M'chinenero chathu ndi munthu wofatsa, wa mawu owerengeka. Kodi wofatsayo ndi iyeyo, kapena ndi chinenero chathuchi chimene chimamumanga lilime? Ine m'chinenero chake ndimadziwa moni, zikomo, ndi liwu lina limene anakuwa tsiku limene galimoto inamuzimira pachitunda, limene mpaka lero amakana kundimasulira. Mwana nayenso wayamba timawu tina timene ine sindimva, mayi ake n'kumamuyankha, awiriwo n'kumagwirizana ine ndili pompo.

Ndinayesa kufunsa. Tsiku lina akusita yunifolomu yake ndinati, "Tandiuzani za kudziwe kuja." Anaimika ayironi n'kundiyang'ana. "Mukufunsa ndi inuyo, kapena mukuwerengera mayeso?" Vuto ndi lakuti zonse ziwiri n'zoona.

Mnzanga wina wakuntchito, timamutcha Giya, akuti ndikudzivutitsa. Akuti tigwirizane mayankho, tiwaloweze ngati zikwangwani za pamsewu, ndipo funso la ukalamba likabwera tonse tiziti "konkuno". Akutinso akudziwana ndi mkulu wina amene amaima pageti la ofesi ija atakwapatira chikwama chachikopa, amene akuti amafewetsa zinthu.

Ndiye ndithandizeni, Aphungu. A ku ofesi akaona kuti sindikudziwa zinthu ngati zimenezi, sadzanena kuti banja lathu ndi lachinyengo? Tiloweze mayankho? Mkulu wapagetiyo ndimuone? Koma funso limene likundizungulira kwambiri m'mutu ndi ili: kodi n'kutheka kuti ndikuthamangira mapepala omangirira munthu pamalo pamene sakufuna kukhalitsa? Nanga munthu amene wakhala naye kale m'nyumba zaka, umayambira pati kumudziwa?

L.K., mphunzitsi wa galimoto

Bambo L.K.,

Mlongo wanuyo mumugulire choziziritsa kukhosi. Masana amodzi okha wakuchitirani ntchito imene ankhoswe ena amalephera chaka chathunthu.

Ndiyambe ndi chimene chingakupwetekeni msanga. Mkulu wachikwama chachikopayo mutalikireni. Ntchito ya boma imachitikira pawindo, ndipo chilichonse chimene mwalipira chimakhala ndi lisiti. Pepala limodzi lokha labodza likalowa mufayilo, amene adzapsa si Giya, si mkulu wapageti, mwinanso si inu. Adzapsa ndi mkazi wanu, ndipo pempho limene linali loyera lidzada. Banja lanu ndi lenileni, mulibe chobisa, ndiye mukagulirenji bodza? Ngati mukuona kuti zikukulemerani, pezani loya wovomerezeka amene amagwira nkhani zoterezi, kapena bungwe lothandiza anthu ochokera kunja.

Musadikirenso kuti chaka chifike kumchira. Pitani pawindo sabata ino, mkazi wanu ali nanu, mukafunse bwinobwino mapepala amene atsala. Mukafunsenso chimene chimachitika chilolezo chakale chikatha pempho latsopano lisanayankhidwe, komanso ngati angapitirize ntchito yake podikirapo. Ine si loya, ndipo malamulo amenewa amasinthasintha, ndiye yankho lodalirika ndi la eni ofesi, osati la pabenchi. Mapepala ochokera kwawo aitanitseni lero, chifukwa ndi amene amachedwa, ndipo ena angafunike kumasuliridwa ndi kudindidwa. Muonenso tsiku limene pasipoti yake ikutha. Chilichonse chimene mwapereka, kope lake lizitsala kunyumba.

Za kuloweza, ayi. Inu nomwe mumamudziwa wophunzira amene waloweza buku lonse koma akafika pamsewu amauma manja. Anthu amene ntchito yawo ndi kufunsa mafunso amamvanso kununkha kwa mayankho oloweza. Mabanja enieni amasiyana pa tinthu tina, wina akuti makatani ndi obiriwira, wina akuti ndi abuluu. Chimene simukuchidziwa, nenani kuti simukuchidziwa. Chimene chimalankhula mokweza ndi moyo wanu wa tsiku ndi tsiku: setifiketi ya kubadwa ya mwana, umboni wakuti mumakhala nyumba imodzi, zithunzi za nthawi zosiyanasiyana, ndi anthu amene angakuchitireni umboni. Sindingakulonjezeni mmene a ku ofesi adzagamulire, koma sindikukhulupirira kuti dzina limene apongozi anu amaitanira mwana wawo ndi limene lingagwetse pempho loona.

Tsopano tibwere kunyumba. Choyamba, mkazi wanu si galimoto, alibe boneti yoti mutsegule n'kusuzumira. Koma chidwi chanucho ndachikonda. Amuna ambiri akazindikira kuti pali zimene sakuzidziwa za akazi awo amayamba kukayika ndi kufufuza m'foni. Inu mwayamba kudabwa, ndipo kudabwa ndi poyambira pabwino.

Mukudziwa chifukwa chake iye anakhoza inu n'kulephera? Iye analibe kuchitira mwina. Anayenera kuphunzira chinenero chanu, abale anu, nthabwala zanu, ngakhale mbali ya msewu. Inu munali kwanu, palibe chimene chinakukakamizani kuphunzira kanthu. Si nkhanza ayi, ndi ulesi umene umagwira mwini khomo aliyense. Koma safunsa anadya phula, ndipo inu mwadyako pang'ono pamaso pa mlongo wanu.

Funso limene anakufunsani akusita lija ndi lofunika yankho. Bwererani mukamuuze zoona: munayamba kufunsa chifukwa cha mayeso, koma tsopano mukufunsa chifukwa mwazindikira kuti mwakhala mukudzimana. Mukatero, musamukhazike pansi ngati wapolisi. Fayilo ichoke patebulo. Munthu safotokoza moyo wake chifukwa wapatsidwa mafunso, amafotokoza akaona kuti womvera sakuthamangira kwina. M'malo momufunsa zambiri, mupempheni akuphunzitseni. Akuphunzitseni kusambira, akuoneni mukumwa madzi ndi kukuwa. Akuphunzitseni chinenero chake, mawu angapo pa tsiku, limodzi ndi mwanayo, amene ndikukhulupirira kuti adzakupitirirani. Lamulungu likubwerali, galimoto isatsukidwe. Pemphani foniyo mupereke moni kwa apongozi anu m'chinenero chawo. Mudzalakwitsa, adzaseka mpaka misozi, ndipo kuseka kumene mukukusirira kuja mudzakhala mwalowamo.

Funso lanu lalikulu nalo lili ndi yankho, koma silili kwa ine. Tamverani bwino mawu ake. Sananene kuti akufuna kuchoka. Anati palibe amene anamufunsapo. Zimenezi n'zosiyana kwambiri. M'kalata yanu yonse ndaona inu nokha mukuthamanga, inu nokha pabenchi, inu nokha pawindo. Mwachita bwino kudzipereka, koma pempholi ndi lake, dzina lolembedwapo ndi lake, ndipo moyo umene ukukambidwa ndi wake. Aziwerenga yekha asanasaine, pasipoti yake azisunga yekha, ndipo musanapereke fayilo mumufunse maso ndi maso ngati akufunadi chilolezochi. Chilolezo chokhazikika si chingwe. Chimamupatsa mphamvu yokhala popanda mantha, ndipo munthu amene sakuopa kuthamangitsidwa ndi amene angasankhe bwino kumene akufuna kukhala. Ingofunsani ku ofesi ngati kukakhalitsa kunja kungachithetse, kuti mukamakambirana za m'tsogolo muzidziwa pamene mwaima.

Mukafunsa za ukalamba, konzekani kumva zimene simunayembekezere. Mwina adzati akufuna kudzasamalira mayi ake akadzafooka. Mwina adzati akufuna mwanayu akaphunzireko kwawo zaka zingapo. Mwina adzabwerezanso kuti sakudziwa, ndipo limenelo ndi yankho loona, lilandireni. Simukuyenera kugamula zonse mwezi uno. Funso limeneli mabanja a anthu ochokera maiko awiri amakalamba nalo, ndipo silipha banja ngati likukambidwa. Limapha likakwiriridwa.

Chenjezo langa ndi limodzi, ndipo mulisunge ngakhale zonse zitayenda bwino. Chilolezo chikadzatuluka, padzabwera tsiku lina limene mudzakangane, monga amachitira mabanja onse, ndipo lilime lidzafuna kunena kuti, "Pajatu mapepala ndinakupezera ndine." Mawu amenewo muwameze. Tsiku limene adzatuluke pakamwa panu, mkazi wanu adzakhala ndi chilolezo chokhala m'dziko muno, koma m'nyumba mwanu adzakhala atasanduka mlendo.

Phungu wanu