Abakha anga akukana kupalira

Aphungu,

Pali chinthu chandizunguza mutu, ndiye ndati ndifunse inu. Ndinakulira mumzinda wa Osaka, koma chaka chatha ine ndi mwamuna wanga Norihiko tinasiya ntchito n'kubwera kumudzi kwawo ku Tamba kudzalima mpunga ndi bambo ake, a Tatsuzo. Pakhomo pano feteleza ndi mankhwala sizilowa m'munda. Tikawokera mpunga timalowetsamo tiana ta abakha. Timeneti timadya udzu ndi tizilombo, timavundula matope, zitosi zake n'kusanduka manyowa. Anthu amene amagula mpunga wathu amatsatira zimenezi basi.

Chaka chino apongozi anandipatsa munda wangawanga ndi abakha ake. Ndinakondwa kwambiri, ndipo ndimawasamala ngati ana. M'mawa ndimawapatsa gaga, masana misere, madzulo zotsala za kukhitchini. Anenepa mochititsa kaso, koma ntchito ayi. Abakha a apongozi amakhala kalikiliki tsiku lonse, mitu ili m'madzi, pamene anga amangounjikana m'mphepete mwa munda kudikira ine. Udzu wakula moti mpunga wayamba kuchita chikasu.

Tsiku lina apongozi anaima n'kuwayang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Akongola abakha akowa. Kaya akudikira sitima yobwerera ku Osaka?" Ndinafunsa kuti, "Nanga ndalakwitsa pati, Bambo?" Iwo anangoti, "Afunse eni akewo, si uli nawo pachibale?" Basi n'kumapita.

Norihiko akundimvera chisoni. Dzulo anati, "Iwe usamadandaule. Ndigula kabotolo kamodzi ka mankhwala opha udzu, ndipopere mdala akapita kumsonkhano wa alimi. Kamunda kamodzi kokha adziwe ndani?"

Ndikuopa kuti munda woyamba kupatsidwa undikanika, ndipo apongozi sadzandikhulupiriranso. Koma ndikufunitsitsanso kudziwa. Kodi pali abakha obadwa aulesi? Kapena amasankha munthu womugwirira ntchito? Nanga apongoziwa akundinyoza kapena akundiyesa? Mwamuna wangayu ndimulole?

Y.N., Tamba

Mayi Y.N.,

Abakha anuwo alibe mlandu, ndipo sanabadwe aulesi. Akhuta. Inuyo atakupakulirani katatu patsiku, mungakavutike kusaka tiziwala m'matope? Mwawalemba ganyu n'kuwalipira asanagwire, ndiye akuchita zomwe aliyense angachite.

Kuyambira mawa lekani chakudya cha m'mawa ndi cha masana. Muziwapatsa pang'ono madzulo pokha, kuti asaiwale mawu anu ndi khola lawo. Adzalira, adzakutsatirani, mtima udzakupwetekani, koma limbani. Njala ikawagwira adzalowa okha m'mizere. Onaninso madzi, akhale okwanira kuti azisambira mapazi akupalasa matope.

Dziwani kuti udzu umene wakula kalewo bakha sauthanso, iye amathana ndi wongomera kumene. Wotsalawo ndi wa manja anu. Valani jombo mulowemo, ndipo Norihiko alowe nanu, popeza chisoni ali nacho chambiri.

Za apongozi musade nkhawa kwambiri. Munthu amene sakukufunani sangakupatseni munda wa makolo ake. Akulu ambiri a kumunda kuphunzitsa kwawo n'komweko, amakugemula kenako n'kukusiya uone wekha. Pitani mukawauze kuti, "Bambo, ndimawadyetsa kwambiri, ndazindikira." Mukatero apempheni kuti tsiku lina mudzawatsatire kumunda kwawo, mudzaone mmene amachitira. Mafunso anu enawo mukawafunsire komweko, mapazi ali m'matope. Kumeneko pakamwa pawo pamamasuka kusiyana ndi pakhomo.

Koma za kabotoloko, ayi, ndipo mumuuze mwamuna wanu lero lomwe. Abakha anu amamwa madzi omwewo. Komanso inu mukudziwa kuti madzi a mpunga sathera m'munda umodzi, amatsika kuchoka kwanu kulowa kwa mnzanu. Akapopera lero, mawa mankhwalawo ali m'minda ya apongozi, ndipo mpunga wonse wa pakhomo panu simungaugulitsenso monga wopanda mankhwala popanda kunamiza anthu. Munda wanu ukakanika chaka chino, a Tatsuzo adzakusekani mpaka nthawi yokolola, kenako adzakupatsani abakha ena. Koma mukathira mankhwala mobisa m'nthaka imene aisunga moyo wawo wonse, sadzakusekaninso, ndipo mudzalakalaka akanakusekani.

Aphungu