Diresi Lomwe Sindinadule

Okondedwa achemwali anga,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo. Muli bwanji kumeneko, inu ndi alamu anga? Bondo lawo lija linasiya kuvuta, kapena akukanabe kupita kuchipatala monga mwa chizolowezi chawo? Nanga mwana wanu, mkwatibwi wathu, akuona tulo koma, poti ukwati wangotsala milungu isanu? Kuno tilipo. Sindinena kuti tili bwino chifukwa kunama kwanditopetsa, koma tilipo.

Mudabwa kuti ndalemba kalata pomwe foni ili m'thumba. Pa foni inu mumayankha munthu asanamalize kulankhula, ine n'kungopezeka ndavomera zomwe sindimafuna. Takhala choncho kuyambira tili ana. Ndiye lero muwerenge kaye mpaka pansi, kukalipa kubwere pambuyo.

Nsalu munatumiza ija inafika bwino. Madiresi asanu a atsikana operekeza mkwatibwi ndinadula kale, atatu ndasoka, angotsala mazipi. Diresi lachisanu ndi chimodzi, la mwana wanga Kabatani, sindinalidule. Nsalu yake ili chipindire pa tebulo, sizasi pamwamba pake, ndipo kalatayi ndikulembera pambali pake pomwepo.

Achemwali, chaka chatha ndinakunamizani. Kabatani wanu, amene dzinali munamupatsa ndinu atameza batani la shati akukwawa, sanadwale zilonda za m'mimba ayi. Anasiya kudya. Zinayamba ali ku koleji, pang'onopang'ono, mpaka chakudya chinasanduka chinthu choopsa kwa iye. Akabwera kutchuthi ankandipatsa siketi kuti ndibweze m'chiuno, ine n'kubweza. Siketi imodzi yabuluu ndinaibweza kanayi. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi ndikusoka, ndimadziwa kuti mayi ali ndi pakati iye asanauze mwamuna wake, koma mwana wanga akutha m'manja mwanga ndinkangonyadira kuti msoko wawongoka. Makasitomala ankamuyamikira kuti ali ndi thupi labwino, ndipo ine ndinkamva kukoma.

Anakomoka m'shopu mwanga momwemo, atanyamula ayironi. Kuchipatala anagona milungu isanu. Adokotala anatiuza kuti ndi matenda enieni, ali ndi dzina lawo, amagwira maganizo ndipo amatha kuimitsa mtima. Ine ndi bambo ake tinagwirizana m'khonde la chipatala kuti kwa abale tizinena zilonda za m'mimba. Tinachita manyazi. Ndinkaopa kuti anthu azinena kuti tikumana mwana chakudya, kapena kuti ndi matama a ana ophunzira. Ndinkaopanso inu, chifukwa ndikudziwa mukanati mubwere naye kuno, masiku atatu okha adya.

Atatuluka, amayi a kuchipatala oona za zakudya anatipatsa dongosolo. Adye katatu pa tsiku, ndi tina tapakati katatunso, pa nthawi yake, kaya ali ndi njala kaya alibe. Chakudya chilichonse chiloledwe, buledi, mpunga, mbatata, shuga mu tiyi. Sikelo ichoke m'nyumba. Ndipo anandiyang'ana ine makamaka, atamva ntchito yanga, n'kunena kuti tepi yoyezera isayandikire thupi la mwanayu, asamvenso nambala iliyonse yokhudza thupi lake.

Miyezi isanu ndi itatu ndakhala naye pa tebulo. Simungamvetse kutalika kwa kagawo kamodzi ka buledi, achemwali. Masiku oyamba kankatha mphindi makumi anayi, iye akulira, ine ndikuyang'ana khoma kuti ndisalire naye. Makina ankakhala chete, makasitomala akugogoda. Bambo ake anatenga kasizasi kanga kakang'ono n'kudula timapepala ta saizi pa zovala zake zonse, mpaka pa masokosi pomwe. Kenako zinayamba kupepuka. Ndinamasula misoko ya siketi yabuluu ija. Tsiku lina ndinamumva akuseka bambo ake chifukwa cha kuimba kwawo m'bafa, ndipo ndinazindikira kuti kuseka kumeneko ndinali nditakuiwala. Ku koleji anavomera kuti abwerere temu ikubwerayi.

Ndiye kunabwera gulu la pa foni la atsikana operekeza.

Musamve ngati ndikuimba mlandu mwana wanu. Sankadziwa kanthu, poti ndife tinabisa. Iye anangotumiza mndandanda womwe anzake onse akutsatira, woti miyezi itatu ukwati usanachitike pasakhale buledi, mpunga, mbatata, shuga, ngakhale nthochi. Azidya mazira, nyama, mapeyala ndi masamba, ndipo Lamlungu lililonse aliyense azitumiza muyeso wa chiuno chake kuti azilimbikitsana.

Kabatani anabwera nawo mndandandawo kwa ine mwaulemu, ndipo mukudziwa pakamwa pake, akanakhala loya. Anati sikuti akusiya kudya, mbale izidzaza ngati kale, kungoti asinthe zoikamo. Anati aliyense akuchita, ndipo iye yekha akakana anthu afunsa chifukwa chake. Ndinayang'ana mbale ya mazira awiri ndi nyama ndi masamba, n'kuona kuti ndi chakudya ndithu. Ndinavomera.

Zoona zake n'zakuti ndinavomera chifukwa ndinatopa. Ndinaganiza kuti mwina nkhondo ya buledi ipumako miyezi itatu. Ndipo popeza ndayamba kuulula, ndimalize. Inenso ndinalowa nawo dayetiyo. Ndinkafuna kudzaima pambali panu pa chithunzi osaoneka ngati ndine wamkulu. Ndinasiya kugula buledi m'nyumba mwanga momwe, ndipo kuchipatala sindinanene.

Cholakwa chachikulu chinachitika tsiku lotenga miyeso. Atsikana enawo anatumiza yawo pa foni. Kabatani anangobwera n'kuima patsogolo panga, manja m'mwamba, monga ankachitira ali mwana. Tepi inali m'khosi mwanga. Manja anga anagwira ntchito mutu usanaganize. Mukudziwa mmene ndimayezera, ndimatchula nambala mokweza ndisanalembe, chifukwa ndikapanda kutero ndimaiwala ndisanapeze pensulo. Ndinaitchula. Kenako ndinatsegula buku la miyeso pa tsamba lake, pomwe pali manambala onse a chaka chatha, ondondozana motsika. Iye anali mbali inayo ya tebulo, koma anawerenga chozondoka.

Sanalire. Anangoloza nambala ya pansi penipeni, ya mlungu womwe anakomoka, n'kunena kuti, "Mudule pamenepa, amayi. Pofika ukwati ndikhala nditafikapo."

Ndinamukalipira kuti asiye zopusa, n'kutseka bukulo, n'kuganiza kuti zatha.

Milungu itatu inadutsa nyumba ili zii, ine n'kumati zikuyenda. Loweruka la mlungu wachinayi masana ndinapita kukagula mazipi ndi ulusi, n'kumusiya m'shopu. Pobwera ndinapeza chitseko chotseka, mayi wina akudikira panja ndi thalauzi la mwamuna wake. Ndinalowera kumbuyo. Ndinamupeza kuseri kwa katani komwe anthu amayeserako zovala, atakhala pansi. Pambali pake panali mapepala awiri a buledi opanda kanthu, poto wa mpunga womwe ndinaphikira bambo ake atamupala mpaka pansi, ndi chitini cha shuga wa tiyi wa makasitomala. Shuga anali m'zala, m'masaya, pa siketi. Anagwira mimba, akubuula ndi ululu.

Mawu anga oyamba, Mulungu andikhululukire, anali ofunsa kuti bambo ake adya chiyani.

Iye anati, "Amayi, sindikumva n'kukoma komwe. Ndikungolephera kusiya."

Ndinakhala pansi pomwepo. Anandiuza kuti aka kanali kachisanu. Anandionetsa thumba la zidutswa za nsalu pansi pa tebulo, momwe ankabisamo mapepala a mabisiketi ndi mabanzi. Akatero, mawa lake ankadzilanga osadya kanthu, mazira aja n'kumapatsa mphaka wa eni golosale oyandikana nafe, kenako njala n'kumugwiranso ngati munthu wina wamulowa. Anati amadzida, ndipo kuli bwino matenda oyamba aja chifukwa anthu ankamuyamikira, pomwe awa ndi a nkhumba. Mwana wanga anadzitchula choncho, achemwali, ine ndikumva.

Lolemba tinapita kuchipatala. Amayi a zakudya aja sanakalipe, ndipo mwina akanakalipa zikanandipepukira. Anafotokoza kuti thupi lomwe linakhalapo ndi njala yaikulu siliiwala. Ukalimananso chakudya chopatsa mphamvu limachita mantha, ndipo likachipeza limadya ngati sichidzapezekanso. Anati si dyera, ndiponso si kufooka mtima. Anati mndandanda wa zoletsedwa, ngakhale utaoneka wabwino chotani kwa anthu ena, kwa mwana ngati uyu ndi khomo lomwe matenda amabwereranso. Kenako anafunsa ngati pali wina m'nyumba amene akutsatira mndandandawo. Ndinakweza mkono ngati mwana wa sukulu.

Adokotala atipatsa mwezi umodzi. Kadyedwe kakapanda kukhazikika amugonekanso, ndipo akagonekedwa, malo ake ku koleji atayika, chifukwa sangamusungire kawiri. Patha milungu iwiri tsopano.

Ndiye tayambiranso poyamba. Buledi wabwerera pa tebulo, ndipo kagawo kamodzi kakutenganso theka la ola. Tikamaliza kudya ndimakhala naye ola lathunthu, tikusomeka mabatani kapena kungokhala. Masiku ena zimayenda. Lachitatu lapitali sizinayende. Bambo ake salankhula zambiri, amangokhala nafe n'kumadya chilichonse chomwe mwana akudya, kasanu ndi kamodzi pa tsiku, moti thalauzi lawo la ukwati ndalimasula kale. Amati ndi ntchito yokhayo yomwe anaikhoza osaphunzitsidwa.

Ndatopa, achemwali. Ndatopa ndi kuyang'ana koloko, kumvetsera chitseko cha kabati, kumwetulira makasitomala akamafunsa kuti mtsikana wanu uja bwanji wayamba kunenepa. Ndatopanso ndi bodza la zilonda za m'mimba, lomwe ndimayenera kukumbukira nthawi zonse kuti ndinauza ndani zotani.

Kabatani akudziwa kuti ndikulemba. Anaganiza masiku awiri, kenako anati ndikuuzeni zonse, kupatula manambala.

Pempho langa ndi ili. Mukhale pansi ndi mkwatibwi, mumuuze mofatsa, asadzimve wolakwa. Amuchotse yekha Kabatani m'gulu lija, chifukwa iye akuopa kutuluka, akuti foni imaonetsa aliyense kuti uje watuluka. Panopa foniyo ndikusunga ndine, ndipo Lamlungu lililonse imalira m'thumba mwanga ndi ziuno za ana a eni. Kuperekeza akufunabe. Amamukonda mbale wakeyo, ndipo akuti analonjezana ali aang'ono.

Chovuta kwambiri ndi chomwe ndikupempha kwa inu nomwe. Ndimakudziwani mmene mumalandirira alendo. Munthu asanatsitse chikwama mwamutsina kale pa mkono, n'kulengeza kuti wanenepa kapena wawonda, anthu onse akumva. Ndi chikondi, ndikudziwa, amayi athu ankateronso. Koma kwa Kabatani musatero. Musanene kuti wanenepa. Musanenenso kuti wachira, taonani masaya, chifukwa m'makutu mwake zimamveka chimodzimodzi. Mufunseni za mabuku ake, za mphaka wa eni golosale, chilichonse. Keke ikadulidwa musamuyang'ane m'mbale, adye kapena asadye. Ndipo muwagwireko pakamwa azakhali aja, poti inu nokha ndi amene amakumverani.

Sindinakukanirenipo kanthu chibadwire. Koma mukaona kuti zimenezi sizitheka, kapena kuti zisokoneza tsiku la mwana wanu, mundiuze mosabisa. Madiresi asanuwo nditumiza pa nthawi yake atasitidwa bwino, nsalu yotsalayi ndibweza yosadula, ndipo ife sitibwera. Mudzakwiya, ndikudziwa, ndipo ndidzapirira.

Mukati tibwere, diresi ndidula tsiku lomwelo. Tepi sindigwiritsa ntchito. Tsamba lake lija ndinaling'amba m'buku. Ndidzatembenuzira galasi kukhoma, ndimukulunge nsalu, ndibaye mapini potsatira thupi lomwe ali nalo tsiku limenelo, pakamwa panga potseka. M'misoko ndidzasiya nsalu yambiri yoti n'kudzamasula. Kubweza kokha sindidzabwezanso chovala chake ngakhale atandigwadira.

Mwina silidzagwira m'chiuno ngati a anzakewo, ndipo pa chithunzi lidzaoneka losiyana. Wina akadzafunsa, mudzangoti telala wake wakalamba, maso ayamba kuvuta.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, muwauze kuti bondo silichira ndi kuliyang'ana. Moni kwa mkwatibwi wathu, Mulungu amupatse banja lamtendere. Moninso kwa azakhali ndi onse a pakhomo. Bambo a Kabatani akupereka moni.

Ndilekeze pano. Koloko yakwana folo, nthawi ya tiyi, ndipo ndikumumva Kabatani akukoka mpando. Ndadula magawo awiri a buledi, lina lake, lina langa. Yankhani msanga, achemwali, sizasi ikudikira inu.

Ndine mng'ono wanu,
Mayi a Kabatani