Masiku 55 a Yoweli

Lolemba, 3 Juni 2024

Kuzizira koopsa kuno ku Pembamoyo. Zala zouma ngati chinangwa. Ku kiliniki amayi a sikelo 31, mmodzi wabwera ndi khadi lodyedwa ndi chiswe.

Masana ndatsegula webusayiti ya bungwe lathu, ija amalembamo mavolontiya anga makomo amene ayendera. Aikamo mzere watsopano: tsiku limene munthu analowa komaliza. Wosalowa masiku 60, dzina lake lifufutidwa lokha, njinga imene anapatsidwa ibwezedwa ku Boma. A Lemmy a ku ofesi pafoni: "Makina sanama, a Fyness." Chabwino, bwana.

Mavolontiya 14, dzina limodzi lalembedwa mofiira. A Yoweli. Analowa komaliza pa 9 Epulo. Masiku 55. Loweruka akwana 60.

Zandinyansa. Munthu wamkulu, zaka khumi ndi ziwiri pa ntchitoyi. Ndikudziwa anaferedwa akazi awo mu Epulo, ndinapitako ku maliro. Koma miyezi iwiri?

Lachiwiri, 4 Juni

Ndaimba nambala yawo kanayi. Yozima. Ndatumiza uthenga kudzera kwa mayi wina wa kumudzi kwawo, mawu ake owawa pang'ono. Ndati ngati atopa anene.

Nkhuku yanga yasiya mazira, yangoyendayenda. Nayonso yatopa.

Lachitatu, 5 Juni

A Yoweli abwera mmawa panjinga, jekete lomwe lija la maliro. Atulutsa kope la sukulu m'pepala la pulasitiki. Khomo lililonse lalembedwa, tsiku ndi tsiku, zilembo zikuluzikulu. Mwana wakuti akutsegula m'mimba. Mayi wakuti mwezi wachisanu ndi chitatu, akukana kupita kuchidikiro. Angodumpha sabata ziwiri za maliro basi.

Manyazi andigwira, ndasowa poyang'ana.

Nkhani yake nayi. Polowa pa webusayiti, makina amatumiza nambala yachinsinsi ku foni. Foniyo ndi ya a Ebelesi, malemu akazi awo. Simu inalembetsedwa pa regi, chiphaso cha boma cha mayiwo. A Yoweli maso anafooka kalekale, tizilembo ta pafoni satiwona. Zaka zonsezi iwo ankawerenga m'kope, a Ebelesi ankadina. Pa 9 Epulo anadina komaliza, pa 10 anawatengera kuchipatala.

Tsopano foni ili m'sutukesi pamodzi ndi zitenje, mbale ndi korona, zomanga ndi chingwe, kunyumba kwa a Wadson, achimwene a malemu. Katundu sagawidwa mpaka mkulu wawo wa ku Kitwe afike. Mwina Ogasiti.

Ndati bwanji osangopempha. Andiyang'ana ngati mwana. "Ine ndine mkamwini pamudzi paja. Ndikafunse foni maliro asanazizire, adzati ndayamba kulanda za ana awo."

Zoona. Bambo anga nawonso, amayi atamwalira, anatuluka pamudzi pa amayi ndi khasu ndi bulangete basi.

Lachinayi, 6 Juni

Ndaimbira a Lemmy kuti tisinthe nambala, nambala yachinsinsi izibwera pa foni yanga. Akuti fomu yake imapita ku Lusaka, sabata zitatu. Ndati munthuyo akugwira ntchito, kope ndaliwona ndi maso anga. Akuti kope sililowa m'kompyuta. Si munthu woipa a Lemmy, koma sanayendepo njira ya kwa a Yoweli nthawi ya mvula.

Popanda njinga ija, makomo 48 sangawakwanitse. Ena ali kuseri kwa phiri. Ndipo mayi wa miyezi isanu ndi itatu uja samvera wina aliyense koma iwo.

Ndaganiza zopita ndekha kwa a Wadson. Ine si wachibale, si mkamwini. Akandikalipira, andikalipire. Ndasita chitenje chabwino.

Lachisanu, 7 Juni

Masiku 59. Ndatseka kiliniki 12 koloko, ndanyamula laputopu ndi batire la sola.

A Wadson ndawapeza akutonola chimanga. Ndagwada patali, ndapepesa za maliro, kenako ndafotokoza zonse. Aika chitsononkho pansi. Ndiye akuti: "Kanthu ka mlongo wanga sikatuluka m'manja mwanga." Ndati ayi, sikatuluka. Mugwire ndinu, ife tingomva manambala.

Aitana akazi awo ndi mphwawo kuti akhale mboni, aitanitsanso a Yoweli. Amasula chingwe pamaso pa onse. Fungo la mafuta odzola a malemu latuluka m'sutukesi, akazi a Wadson atembenukira kukhoma.

Foni yakufa. Talumikiza ku batire, tadikira. Itayaka, yagwira netiweki ya ku Malawi, monga mwa masiku onse kumeneko. Yathu imapezeka pa chulu cha kuseri kwa khola. Takwera tonse, a Wadson patsogolo, foni m'manja awiri ngati anyamula mwana. A Yoweli okha anaima pansi, chipewa chili m'manja. Sanayerekeze kukwera mpaka mlamu wawo atawakodola.

Nambala yoyamba inatha mphamvu a Wadson akusakasaka magalasi. Yachiwiri anawerenga mokweza, imodziimodzi. A Yoweli adina okha pa laputopu, chala chimodzi, ine ndikuwalozera. Zalowa. Kufiira kwachoka.

Palibe anaseka. A Wadson azimitsa foni, aipukuta ndi malaya, abwezera m'sutukesi. Pomanga chingwe anauza mlamu wawo, osawayang'ana: "Mukanangonena, alamu."

Loweruka, 8 Juni

Sindili pa ntchito, komabe ndatsegula. A Yoweli, 7 Juni 2024. Njinga yatsala. Fomu yosintha nambala ndatumiza.

Dzulo pondiperekeza, akukankha njinga, a Yoweli anandifunsa ngati a ku Lusaka amadziwa kuti amene ankalowa zaka zonsezi ndi a Ebelesi. Ndati sadziwa. Akuti mayiwo ankadzuka mmamawa kukwera pa chulu asanapite kudimba, kuopa kuti amuna awo angaoneke aulesi kwa akuluakulu. Dzina la mayiwo silili paliponse m'makinamo, ndayang'ana kawiri.

A Lemmy atumiza kafomu kena: chifukwa chimene volontiya anachedwera kulowa. Mpata wake kamzere kamodzi, zilembo zosapitirira 30. Ndalemba "vuto la foni". Ndafufuta. Ndalemba "Ebelesi anamwalira". Zakwana.

Ndatumiza choncho. Afunse kuti Ebelesi ndani.