Mwendo wa Alamu Pius

Lolemba, 9 Julaye 1984
Dzanja langa la sukulu ya kwacha limachedwa, koma ndilemba. Ife olondera nkhalango ya Mughese atiitana, akuti tiphunzire kuthandiza munthu wovulala kuthengo. Poyamba anaona makadi a chipani. Wophunzitsa ndi a Frackson a zaumoyo, kwawo ku Mulanje. Moni wa kuno ukuwavuta, tinaseka.

Lachiwiri, 10
Kuthyoka fupa. Timitengo tiwiri ndi nsalu. Mnzanga Jameson anandimanga mwendo wabwinowu mpaka dzanzi.

Lachitatu, 11
Lero za njoka. A Frackson anafunsa timatani munthu akalumidwa ndi mphiri. Ndinaimirira monyada. Ndati timatema mphini, timamanga pamwamba ndi mphira ya njinga, kukoka zolimba, osamasula mpaka kuchipatala. A Frackson anati, "Agogo, mwendo womanga chotero umafa. Njoka ikausiya, mphirayo imaumaliza."

Ndinakhala pansi. Zina zonse sindinamve.

Chaka cha 76 alamu anga Pius, mwamuna wa mlongo wanga Esnart, inawaluma mphiri tikulambula malire a nkhalango. Ndinamanga ndine. Tinawanyamula pamachila tsiku lonse, galimoto inapezeka mawa lake. Ankalira kuti masulani, ine ndikukana. Kuchipatala anawadula mwendo pabondo.

Lachinayi, 12
Ndinawatsata a Frackson paokha. Ndati mwina ululu wokha ukanaudya mwendowo. Anati mwina. Anafunsa kuti unakhala womanga maola angati. Nditawauza anayang'ana pansi.

Lachisanu, 13
Pius chaka chilichonse amanditumizira mkoko woyamba wa nthochi. Ku tchalitchi amauza anthu kuti ndinawapulumutsa. Zaka zisanu ndi zitatu ndikudya nthochizo.

Loweruka, 14
Sindinapite kulikonse.

Lamlungu, 15
Ndinawapeza a Pius pakhonde akusankha khofi, ndodo zawo pambali. Ndinayamba kutali, za mvula, za mitengo. Kenako ndinanena zonse, m'mene a Frackson ananenera.

Sanasiye kusankha. Anati, "Mulamu, adokotala anandiuza zimenezi tsiku lomwe anadula. Anafunsa anamanga ndani, ndati sindikumbuka."

Ndati nanga nthochi zija?

"Amene ananyamula machila kutsika phiri lija ndani? Enawo ankasinthana, inu ayi."

Esnart anali pakhomo, lichero m'manja. Iye sankadziwa. Analowa m'nyumba osandiyang'ana.

Pius anandikankhira khofi wina kuti ndithandize kusankha. Ndinayamba kusankha, koma wambiri anagwera pansi.