Botolo la Mwiza lili pakabati, bambo wake akukana kusaina

Aphungu,

Mutu wanga watentha. Ndine mayi wa ana atatu, ndimagulitsa zitumbuwa m'mbali mwa msewu waukulu pano pa Rufunsa. Mwana wanga woyamba, Mwiza, ali giledi 11, ndipo wasankhidwa kupita ku Chongwe ku mpikisano wa sayansi. Fomu yomuloleza kupita ikufunika Lachisanu. Bambo wake, ba Gershom, akukana kusaina.

Chayambitsa zonsezi ndi botolo. Kusukulu, Mwiza ndi aphunzitsi ake a Chanda anawotcha kaufa kotchedwa ma amino asidi mpaka kanasanduka phala lomata, nathirapo madzi otentha. Atazizira, madziwo anachita mbuu. Akuti ukayang'ana pa maikulosikopu umaona timipira ting'onoting'ono, tina tikutulutsa timphukira, tina tikugawikana pawiri.

Mwanayo anabwera akuthamanga, botolo m'manja. "Atate, onani! Ni vamoyo, vigawikana monga maselo!" Pachikwangwani chake cha mpikisano analemba kale zilembo zikuluzikulu: MOYO M'BOTOLO.

Ba Gershom ndi mkulu wa mpingo. Anayang'ana botolo, nayang'ana mwana. "Ngati ni vamoyo, ndiye kuti walenga, ulimbana na Mulungu. Ngati si vamoyo, ufuna kukanama pamaso pa anthu ku Chongwe. Konse kuwiri, ine sinisaina."

Ine nditatopa ndi mkanganowo ndinatenga botolo kuti ndikataye kudzala. Munthu yemweyo anandigwira dzanja! "Amake Mwiza, siyani. Nanga ngati ni vamoyo? Mufuna mupaye?" Ndiye botolo lili pakabati, pakati pa makapu a alendo. Kulitaya n'kulakwa, kupita nalo ku Chongwe n'kulakwanso. Bambo ndi mwana sakulankhulana, uthenga uliwonse ukudutsa mwa ine ngati ndine kondakitala wa basi.

Amuna angawa si ouma mtima ayi. Ndi munthu amene sakhulupirira chinthu asanachiyese. Chaka chilichonse mvula isanagwe amakulunga njere makumi awiri za chimanga m'saka lonyowa kuti aone zingati zimere, ngakhale mbewuyo ikhale yogula m'sitolo. Koma pa nkhani iyi akana ngakhale kufunsa.

Aphungu, ine sukulu ndinalekezera giledi 7. Timipirati n'tamoyo kapena ayi? Ndipo fomuyi ndichite nayo bwanji?

F.M., Rufunsa

Mayi F.M.,

Nonse atatu mwandilemetsa mutu. Mwana walemba chikwangwani asanamalize kuganiza, bambo waweruza mlandu asanaone umboni, inu mukuthamangira kudzala ndi ntchito ya mwana.

Yankho ndi ili: timipirato si tamoyo. Akatswiri anayamba kutipanga zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi zapitazo pofufuza mmene maselo oyamba akanayambira. Ena anatengeka nato ngati Mwiza, chifukwa tili ndi kachikopa kokuta, timatupa ndi kunyala m'madzi a mchere, ndipo timagawikanadi. Koma dontho la mafuta ophikira m'madzi nalonso limagawikana mukalitakasa, ndipo palibe amaliyesa lamoyo. Selo lamoyo limadya, limadzikonza lokha, ndipo lili ndi malangizo m'kati mwake, amene amatchedwa DNA, omwe limapatsira ana ake. N'chifukwa chake chimanga chimabala chimanga. Timipira ta Mwiza tilibe choti n'kupatsira. Akatswiri ambiri lero amatiwerenga ngati chifanizo cha selo basi.

Tsono amuna anu musalimbane nawo ndi mawu, mudzagonja. Munthu wa saka lonyowa mupatseni choti ayese. Inu mumakanda zitumbuwa, yisiti muli naye, ndipo yisiti ndi maselo amoyo enieni. Tsukani bwino makapu awiri, muike madzi ofunda ndi shuga monsemo. M'kapu imodzi thirani yisiti, m'inayo madzi pang'ono a m'botolo. Athire okha ba Gershom, inu manja kumbuyo. Ola lisanathe kapu ya yisiti idzachita thovu chifukwa akudya shuga, inayo idzangokhala duu. Musathire botolo lonse, mwanayo akufunika kupita nalo.

Kenako Mwiza asinthe chikwangwani chija. Si bodza limene ananena, anangofulumira ndi chisangalalo, koma oweruza ku Chongwe akamupanikiza ndi mafunso omwewa. Alembe funso: KODI IZI N'ZAMOYO? Pansi pake aike zimene timipirato timachita, zimene sitichita, ndi makapu awiri aja. Akatero sanalenge kanthu, sakunamanso, ndipo zifukwa zonse ziwiri za bambo wake zagwa.

Lachinayi inu ndi Mwiza mupite nawo ba Gershom kusukulu, a Chanda awaonetse pa maikulosikopu ndi maso awo. Fomu ndi cholembera zikhale m'chikwama chanu, koma musazitulutse mpaka atachotsa diso pagalasipo. Ndipo lekani ukondakitala. Akati "muuzeni mwana wanu," ayankheni kuti mwanayo ali apo, makutu ali nawo.

Chenjezo langa lipite kwa nonse awiri, makolo. Timipirato simungatiphe, tilibe moyo. Koma muli ndi mtsikana amene anaona chodabwitsa kusukulu nathamanga nacho kunyumba kuti atate ake akhale oyamba kuona. Atate anamutcha wabodza, amayi ananyamula botolo kulinga kudzala. Mukabwerezanso zimenezi, tsiku lina adzapeza chinthu chachikulu kuposa ichi, ndipo mudzachimvera kwa anthu apamsewu.

Aphungu